Mapazi a Agogo Anafika ku Chisepo

Kwathu kumapiri a ku Ntchisi, anthu a m'banja lathu sitibisika. Munthu akangopitirira zaka makumi anayi, mapazi amayamba kulendewera ngati masamba a fodya ofota. Kuti zala zisakhule pansi, amayenera kukweza bondo m'mwamba, phazi n'kugwa lokha kuti phwa. Ukamva phwa, phwa, phwa kuseri kwa nyumba, umadziwiratu kuti akubwerayo ndi wa kwathu, ndipo ngati umanena za iye umasintha nkhani nthawi ikadalipo. Anthu a m'mudzi ankati timayenda ngati tambala m'mame.

Anayamba ndi agogo aamuna, bambo awo a mayi anga. Ine ndinawapeza atakalamba kale, akuyendera ndodo ziwiri. Kenako zinagwira amalume, amene mpaka lero amamanga patapata wawo ndi malegeni chifukwa akapanda kutero amafika kudimba ali chabe, nsapato zitatsala m'njira. Patapita zaka zingapo zinagwiranso mayi anga. Amene anapulumuka ndi amayi aakulu okha, mwana woyamba wa agogo, mayi wamfupi wa mawu omveka kutsidya kwa mtsinje. Iwo ankati anapulumuka chifukwa amapemphera kuposa abale awo.

Chifukwa cha matendawa tonse tinkachidziwa, poti amayi aakulu anatiphunzitsa tikadali ana. Ankati agogo anaponda mankhwala amene banja lina la kutsidya linatchera m'njira pa mkangano wa malire a dimba, ndipo mankhwalawo ankatsika ndi ana ngati ngongole ya maliro. Motero tinakula osapatsana moni ndi anthu amenewo. Mbuzi yawo ikalowa m'munda mwathu tinkaithamangitsa ndi mtima wonse, ngati kuti inatchera nawo.

Panali munthu mmodzi amene ankasokoneza mtendere wa amayi aakulu. Anali telala wa ku Chisepo, Msilamu wamtali, wofatsa, wovala kachipewa koyera nthawi zonse. Mayi ake ankagulitsa tiyi ndi mandasi pamsika wa kumeneko, ndipo agogo, ali mnyamata wa mphamvu zake, anakhalako nyengo zingapo akumanga zigafa ndi kututa fodya pangolo. Telalayu ankanena poyera kuti ndi mwana wa agogo. Sankapempha munda kapena mbuzi. Ankangobwera pamaliro alionse a kwathu atanyamula shuga ndi nsalu, n'kukhala chakumapeto kwa amuna, mwambo ukatha n'kutsanzika bwinobwino. Agogo ali moyo sanavomere ndipo sanakane. Nkhaniyi ikayambika ankayamba kutsokomola mpaka anthu atasintha nkhani. Koma amayi aakulu ankakana m'malo mwawo. Ankati bambo awo anali mkulu wa mpingo, ndiponso sankamwa tiyi.

Mayi anga anamwalira mwadzidzidzi. Ankakumba mtedza, anauza anzawo kuti atopa, anakhala pansi pa mtengo wa mango, osadzukanso. Pa tsiku la maliro, telala anali asanaoneke kwathu kwa zaka zingapo, ndipo tinkaganiza kuti anatopa nafe. Tili pasiwa, nyimbo itangotha, tinamva munthu akukwera mtunda wa kumsewu: phwa, phwa, phwa. Anthu anayamba kuyang'anana. Amalume anali atakhala kale pampando wawo, ndipo wina woyenda choncho tinali titamugoneka m'nyumba. Atatulukira pa mpanda, anali telala uja, shuga m'manja, bondo m'mwamba, phazi likugwa lokha ndendende ngati agogo. Amayi aakulu anali pakati pa kulira, koma kulirako kunadukira pakhosi. Anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi, n'kutembenukira kwa ine ndi kunong'ona, kunong'ona kwawo kumene kunamveka mpaka kukhitchini, kuti munthuyo wachita kuyeserera.

Titabwera kumanda, telala anatsanzika monga mwa masiku onse, ndipo patangopita kanthawi amayi aakulu anasowa. Tinawafuna kuti adzalandire azimayi a kumpingo, osawapeza. Anabwera dzuwa litapendeka, chitenje chonse chili chisoso chokhachokha. Anali atamutsatira telala mpaka kumsewu, akubisala m'mapesi ndi m'nthochi, kuti akamuone akuyenda bwino pamene akuganiza kuti palibe womuona. Amalume atafunsa zimene anapeza, anayankha kuti munthuyo ndi wochenjera kwambiri, anadziwa kuti akutsatidwa, n'chifukwa chake sanasiye mpaka anakwera kabaza.

Zanga zinayamba patapita zaka zochepa. Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale pafupi ndi Mponela. Tsiku lina m'mawa, ana onse atafola pabwalo, ndinkakwera pakhonde la ofesi nditanyamula mulu wa makope. Chala chinakola pa sitepe, ndipo ndinapezeka ndagwada pamaso pa ahedi, makope ali mbwee. Ana anayesetsa kudzigwira, koma wina kumbuyo anaphulika, sukulu yonse n'kutsatira. Ndinanena kuti sitepeyo inamangidwa molakwika. Mkazi wanga, amene kwawo ndi ku Chezi ndipo nkhani ya mankhwala otchera sanaikhulupirirepo, anatulutsa nsapato zanga zonse n'kuziika pamzere pakhonde. Zonse zinali zitaperepeseka kunsonga. Anandifunsa ngati masitepe onse a m'boma la Dowa anamangidwa molakwika, kenako anati ndipite kuchipatala.

Ndinayenda m'zipatala zingapo. Anandiyeza shuga, anandiyeza magazi, anandipatsa mavitamini, ndipo wina anandilangiza mwachikondi kuti ndisiye mowa umene sindimwa. Pomaliza ananditumiza ku Lilongwe kwa dokotala wa matenda a minofu ndi mitsempha, mayi wachitsikana ndithu, wolankhula Chichewa cha kwathu komwe kuno. Anandiuza kuti ndiyende ndi zidendene zokha. Ndinakanika. Anandifunsa ngati kwathu alipo wina woyenda chonchi, ndipo nditayamba kutchula anthu anasiya kulemba, anakoka mpando n'kukhala pafupi. Sindinaonepo munthu akusangalala chonchi ndi tsoka la banja lathu, ngakhale a kutsidya aja. Ananditenga magazi, n'kunena kuti anzake ena amuthandiza kuwatumiza kunja, koma ndisayembekeze yankho msanga. Mvula inagwa, inatha, tinakolola, ndipo ndinali nditaiwalako pamene anandiimbira foni. Anati chimene chikutivuta chapezeka, ndipo popeza nthawi zina chimakhudzanso mtima, ndibwere ndi abale onse amene angalole.

Amalume analola msanga, poti anali asanapite ku Lilongwe kwa nthawi yaitali. Amayi aakulu anati apita kuti akamuuze dokotalayo zoona zake za nkhaniyi. Za telala ndinaganiza ndekha masiku angapo, kenako ndinakwera njinga yamoto kupita ku Chisepo. Ndinamupeza pakhonde la sitolo akudula nsalu, akazi ake ndi amene ankapalasa makina. Anandiuza kuti phazi linasiya kumvana ndi chopondera, moti makina ankaima pakati pa msoko, ndiye anagawana ntchito: iye kudula, mayi kusoka, onse awiri kukangana ndi makasitomala. Anandipatsa tiyi wa mkaka wambiri. Ndisanamalize kufotokoza anali atavomera kale. Anangofunsa ngati amayi aakulu akudziwa kuti nayenso apita. Nditati sindinawauze, anaseka pang'ono n'kundipempha kuti m'minibasi ndidzamuike pafupi ndi chitseko.

Tinakumana pa depoti ya Mponela m'mawa. Amayi aakulu atamuona anangondiyang'ana ine, ndipo ndinadziwa kuti mlandu wanga usungidwa bwino. Tikupita kukakwera, amuna atatu tinali pamzere, mawondo m'mwamba, phwa, phwa, phwa, ngati asilikali opuma pantchito. Kondakitala anatiyang'ana n'kunena mokweza kuti a banja limodzi inu khalani mpando wakumbuyo kuti musamavutane potsika. Amayi aakulu anamufunsa kuti banja lake liti, koma iye anali atatembenukira kale kwa mayi wa nkhuku. Mpando wakumbuyowo unatipanikiza anayi, ndipo mmene tinakhalira, amayi aakulu anapezeka phewa ndi phewa ndi telala. Anaimika chikwama chawo pakati ngati mpanda, n'kuchigwirira choncho mpaka mu mzinda.

Dokotala anatilandira tonse m'chipinda chimodzi, ndipo anayamba ndi kujambula papepala. Anati mnofu uliwonse ndi mtolo wa timaulusi tosaoneka ndi maso, timene timakokana munthu akamayenda kapena mtima ukamagunda. Timaulusito sitimangolendewera, nsonga zake zimamangiriridwa pa timizere topingasa, monga mmene mikangala ya fodya imakhalira pa mitanda m'chigafa. Atatchula chigafa, amalume anawongola msana. Dokotala anapitiriza kuti m'menemo muli banja lina la mapuloteni limene ntchito yake si kukoka ayi, koma kugwira. Dzanja limodzi limagwira pamtanda, lina limagwira anzake oyandikana nawo, kuti mnofu ukamakoka zinthu zisaphwasuke. Alipo angapo ofanana ngati ana a munthu mmodzi, ndipo amapezeka kwambiri mumtima ndi m'minofu yoyendetsa thupi. Mwa ine, puloteni imodzi ya m'banjamo, imene anaitchula kuti ZASP, inapangidwa molakwika pang'ono. Imagwira ndithu kwa zaka zambiri, koma ili ngati luzi limene limafumbwa chigafa chisanakalambe, ndipo imene imayamba kufooka ndi minofu ya kumapazi.

Amalume anakweza dzanja ngati mwana wa m'kalasi langa. Anati za mapuloteni anazimva kale kwa alangizi a zaumoyo, ndipo ngati pali munthu wodya nyemba mu Ntchisi yense ndi iwowo. Anatchula soya, mazira, ngumbi, mbewa, mpaka anafika pa nkhunda za mnansi zimene anati zinkabwera zokha. Dokotala anawayembekeza amalize, kenako anafotokoza kuti awa ndi mapuloteni amene thupi limapanga lokha, ndipo kudya nyemba sikungawakonze.

“Vuto si chakudya, bambo,” anatero. “Vuto lili m'majini.”

Amayi aakulu anaomba m'manja kamodzi, mokweza, moti namwino anasuzumira pakhomo.

“Mwamva? Zaka zonsezi ine ndimanena chiyani? Ndiye munene bwino, adokotala, majiniwo anawatumiza ndani?”

Polankhula choncho, diso linali pa telala. Iye anakonza kachipewa kake modekha.

“Majini ndimawamva kuyambira ndili mwana, alongo,” anayankha. “Koma oti amawatapa ndi jakisoni n'kuwatumiza kunja m'kabotolo, ndawamva lero.”

Amayi aakulu anamuuza kuti iwo si alongo ake. Dokotala anali ataphimba nkhope ndi fayilo, mapewa akugwedezeka. Atadzigwira anapepesa, n'kufotokoza kuti majini akewa si mizimu ayi, koma malangizo amene mwana amatengera kwa bambo ndi mayi ake, ofotokoza mmene thupi lipangidwire, monga mbewu ya chimanga imadziwiratu mtundu wa chisononkho chimene idzabereke. Anati kholo likakhala ndi cholakwika chimenechi, mwana aliyense akhoza kutengera kapena osatengera, wamwamuna kapena wamkazi, ndipo palibe amene amasankha. Amayi aakulu anafunsa ngati munthu wa kutsidya kwa mtsinje angathe kulowetsa cholakwikacho m'mbewu ya mnzake. Dokotala anati ayi, agogo anabadwa nacho, mwinanso makolo awo. Iwo anangoti hmm, mmene amachitira wogulitsa akatchula mtengo umene sakugwirizana nawo.

Dokotala atatenga magazi a enawo, anatipititsa kukaunika mitima. Amalume ankaopa makinawo, choncho anapempha kuti ine ndi alongo awo tilowe nawo. Anawagoneka chammbali, anawapaka mafuta ozizira pachifuwa, ndipo pa kanema panaoneka chinthu chotuwa chikutseguka ndi kutsekeka ngati kamwa ya nsomba. Amalume anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati makinawo amaonetsa zonse za mumtima kapena mnofu wokha. Atauzidwa kuti mnofu wokha, anapuma mpweya wautali umene unatichititsa tonse kudabwa kuti muli zotani mmenemo. Dokotala anayeza apa ndi apo, nkhope yake inasintha pang'ono, ndipo anawauza kuti mtima wawo wakula.

“Zimenezo mpaka makina?” anatero amayi aakulu. “Ameneyu anakula mtima akukwawa.”

Koma dokotala sanaseke ulendo uno. Anati mtima wa amalume watanuka ndipo sukupopa ndi mphamvu zokwanira, n'chifukwa chake amapuma movutikira pokwera mtunda, ndipo ayenera kuyamba mankhwala tsiku lomwelo. Wanga ndi wa telala anati ili bwino pakadali pano, koma tizibwera kudzaunikitsa. Pamenepo ndinafunsa za mayi anga, n'kufotokoza mmene anakhalira pansi pa mango. Anati sangatsimikize za munthu amene sanamuyeze, koma n'kutheka ndithu kuti unali mtima. Ndinaganiza za nthawi zonse zimene mayi ankaima pakati pa mtunda atasenza mtolo, ife n'kumawaseka kuti akuwerenga mapiri. Amayi aakulu, amene pa imfa imeneyo anatemberera a kutsidya mpaka mawu kusasa, anayang'ana pawindo. Ulendo wobwerera chikwama chinali pamiyendo pawo.

Zotsatira za magazi a enawo zinatenganso miyezi. Titapitanso, dokotala anati aliyense alowe yekha. Amalume anatuluka akumwetulira ngati akhoza mayeso, n'kulengeza kwa anthu onse a pabenchi, amene sanafunse, kuti iwo ali nacho. Telala analowa, anakhalitsako pang'ono, ndipo atatuluka anadzakhala pafupi nane, anavula kachipewa, n'kupukuta nkhope ndi manja onse awiri. Anandiuza kuti anafunsa dokotala funso limene analisunga moyo wake wonse. Dokotala anamuyankha kuti iye saweruza milandu ya m'mabanja, koma cholakwika chimenechi n'chosowa kwambiri, ndipo chake ndi chomwecho chimene tinabwera nacho ife. Munthuyo anali atangouzidwa kuti ali ndi matenda osachiritsika, koma misozi imene ankapukuta sinali ya zimenezo. Ndinamugwira dzanja n'kumutchula kuti amalume. Amalume enieni aja anamva, anaganiza kaye, kenako anati palibe vuto, bola zidziwike kuti wamkulu ndani.

Amayi aakulu analowa pomaliza. Sipanapite nthawi, tinayamba kuwamva chitseko chili chotseka. Namwino anatuluka n'kundikodola kuti ndikathandize. Ndinawapeza ataimirira, chikwama chili m'khwapa. Dokotala anali atawauza uthenga wabwino, woti iwo alibe cholakwikacho, mapazi awo sadzagwa, ndipo ana awo ndi adzukulu sangatengere kwa iwo.

“Ndiye mukuti wa ku Chisepo uja ali nacho, ine ndilibe?” anafunsa.

Dokotala anati za wina sanganene, koma iwo alibe.

“Iye watuluka akulira ndi chimwemwe, ndamuona. Tsono ine ndine mwana wa ndani?”

Tinafotokoza mobwerezabwereza kuti mwana akhoza kukhala wa bambo ake ndithu osatengera chinthu chimodzi chimenechi, monga mmene ena satengera dazi. Iwo anati magazi anasokonezeka m'ndege. Anapinda dzanja la bulauzi kuti awatengenso pomwepo. Dokotala, amene ndikukhulupirira kuti sanaonepo munthu akukwiya chifukwa chopezeka wopanda matenda, anawalonjeza kuti akafuna adzakambirananso tsiku lina. Amayi aakulu anatuluka osatsanzika.

Mu minibasi sanalankhule ndi aliyense, ngakhale kondakitala atawapatsa chenje chong'ambika. Titatsika pa Mponela n'kuyamba kulowera kumene kumaima galimoto za ku Ntchisi, ndinamva kumbuyo kwanga phokoso lachilendo, ngati munthu akukoka thumba. Nditacheuka, amayi aakulu ankakoka mwendo wamanzere, nkhope ili gwa, akuyang'ana kutsogolo. Anati wayamba kuwavuta kuyambira sabata yatha, kungoti sankafuna kudandaulitsa anthu. Amalume anaima n'kuwayang'anitsitsa ngati munthu wogula ng'ombe. Kenako anawauza kuti akulakwitsa, ife sitikoka mwendo, timakweza bondo, phazi limagwa lokha. Anawasonyeza pakati pa msika, anthu ogulitsa mbatata akuonerera. Ndinaona kuti amayi aakulu atsala pang'ono kulira kapena kumenya munthu, ndipo sindinadziwe kuti chiyambe n'chiti.

Telala ndi amene analankhula. Anati iye anaonana ndi agogo maulendo ochepa chabe ali mwana, ndipo chimene amakumbukira kwambiri ndi tsiku limene anamukalipira chifukwa chokwera pangolo ng'ombe zili zomangidwa. Mawu akewo sanawaiwale.

“Tsiku loyamba kubwera kumaliro kwanu, munandithamangitsa pa mkeka wa achibale,” anatero. “Nditamva mawuwo ndinati bambo adzuka. N'chifukwa chake sindinasiye kubwera. Ife tatenga mapazi, alongo. Inu munatenga pakamwa.”

Amayi aakulu anamuyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti pakamwa pomwepo patseguka. M'malo mwake anachotsa chikwama m'khwapa n'kumupatsira.

“Nyamulani ichi. Mwana wamng'ono sayenda chimanjamanja mkulu wake atalemedwa.”

Ananyamula mpaka pa galimoto. Iwo anatsogola, mwendo utachira.

Mankhwala ochiza matendawa kulibe, ndipo mapazi anga akupitirira kufooka pang'onopang'ono. Masiku ano kumanga mabatani a malaya kwayamba kunditengera nthawi. Kuchipatala anatipangira timapulasitiki tolowa m'nsapato, togwira phazi kuti lisagwe, ndipo ine ndimatha kuimirira pa bolodi tsiku lonse osaopa sitepe. Amalume anavala tawo sabata imodzi yokha. Anati anafika pa bawo mwakachetechete kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, n'kumva zimene anzawo amanena za iwo, ndipo anaona kuti ndi bwino kubwerera ku malegeni. Mankhwala a mtima amamwa mokhulupirika, kupuma kwawo kunasintha, koma nkhondo ili pa mchere. Dokotala anati achepetse, akazi awo anabisa, iwo anayamba kusunga wawo m'kabotolo ka fodya wa pamphuno. Zinaululika tsiku limene mlendo wina anapempha fodya.

Mwana wanga wamkulu, amene ali ku koleji, anandifunsa ngati nayenso akayezetse. Ndinamuuza zimene dokotala anandiuza, kuti ndi wamkulu, asankhe yekha, ndipo palibe chothamangira kupatula kuunikitsa mtima nthawi ndi nthawi. Anakaunikitsa, uli bwino. Za magazi anati ayamba waganiza, pakadali pano akufuna azisewera mpira wamanja osawerenga zaka. Sindinamukakamize. Nthawi zina ndimapezeka ndikuyang'ana nsonga za nsapato zake akabwera ku holide, ndipo mayi ake amandigwira pamkono kuti ndisiye.

Chaka chatha, gulu la amayi a kumpingo kwathu linafuna mayunifolomu atsopano. Amayi aakulu anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti palibe chifukwa chopitira kwa anthu achilendo pamene iwo ali ndi mlongo wawo telala ku Chisepo. Azimayi amene anawamva kwa zaka zambiri akunena kuti bambo awo sankamwa tiyi anangoyang'ana pansi. Ntchitoyo inapita ku Chisepo, ndipo inabwezedwa kawiri, koyamba chifukwa cha mipendero, kachiwiri chifukwa cha makolala amene amayi aakulu anati akuoneka ngati makutu a mleme. Ulendo wachitatu anaganiza zopita okha kukayang'anira. Anati akagona tsiku limodzi.

Anafika mwezi wa kusala uli kumapeto, ndipo anawakakamiza kuti adikire chikondwerero cha Idi. Anadikira. Anadya mpunga wa nyama ya mbuzi, anauza alamu awo kuti wachepa anyezi, n'kuwonjezera mbale ina. Chikondwerero chitatha anapeza kuti pakhonde la sitolo pamafunika munthu wolankhula ndi makasitomala ovuta, ndipo anadzipereka. Sabata itatha ndinaimbira foni amalume a ku Chisepo kufunsa ngati ndibwere kudzawatenga. Anayankha motsitsa mawu kuti anthu amene anasiya zovala zawo chaka chatha onse abwera kudzatenga, ena mpaka kupepesa, koma iye sanapumepo masana kuyambira tsiku limene alongo ake anafika. Kumbuyo ndinkamva mawu aja akufunsa kuti akulankhula ndi ndani nthawi ya ntchito.

Nditafotokozera amalume a ku Ntchisi, anandituma kuti ndimuuze m'bale wawoyo kuti asafulumire kuwabweza. Anati iwo anawasenza okha alongo awowo kuyambira ali mwana, ndipo popeza munthu anachita kulimbikira yekha kuti alowe m'banja, ayambe wawasunga mpaka tikolole.